Kansalu Kobiriwira pa Mkono wa Azakhali

Mutu wachisanu ndi chimodzi

1. M'garaja

Mvula inali itagwa masiku ambiri osapumira. M'mawa umenewo inangoleka pang'ono, ngati yapita kukatunga madzi ena.

Mzime anali m'garaja ya maambulansi, kuseri kwa chipatala chachikulu, akupukuta machira. Dzina lakuti Mzime linali la kunyumba, poti ndiye anali womaliza kubadwa, koma linamutsatira mpaka ku sukulu ya udokotala. Tsopano anali atatsala pang'ono kumaliza maphunziro. Inali nyengo imene wophunzira aliyense amasankha yekha mbali ya chipatala yoti akaphunzire ntchito ndi manja. Anzake ambiri anathamangira ku chipinda cha opaleshoni, ena ku wodi ya ana. Mzime yekha anasankha gulu limene limakapeza wovulala komwe ngozi yamugwera.

"Anzako ali m'kati avala zoyera, iwe ukupala matope," anatero adalaivala, uku akugogoda tayala ndi phazi. "Kodi unalephera mayeso, dokotala wa mawa?"

"Ndinakhoza, adalaivala. N'chifukwa chake anandilola kusankha."

"Ndiye unakhoza mayeso n'kulephera kusankha."

Anamwino, amene ankalongedza mabandeji m'bokosi, anaseka mpaka kutsamwa.

Mkulu wa gululi anali mayi wa imvi, dokotala wa zangozi, amene anagwirapo ntchito m'madera a madzi osefukira ndi m'misasa ya anthu othawa kwawo. Ophunzira ankawatcha a Musathamange, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Iwo dzinalo ankalidziwa, ndipo wina akawaitana choncho ankavomera.

Chifikire m'gululi, Mzime anali asanabayepo munthu jakisoni. A Musathamange anangomupatsa thumba la tinsalu ta mitundu inayi, tomanga pa mkono wa ovulala pakachitika ngozi yaikulu. Kofiira n'ka munthu woti akachedwa amwalira, ndipo ameneyo amakwera ambulansi yoyamba. Kachikasu n'ka wovulala kwambiri koma woti angadikireko. Kobiriwira n'ka amene angathe kuyenda yekha, ndipo amakwera pomaliza. Kakuda n'ka amene watisiya kale.

Ntchito ikachepa, alonda ndi osesa ankagona pansi m'garajamo n'kumabuula mwabodza, Mzime n'kumawasankha. Adalaivala ankakonda kukhala wakufa, poti ankapezerapo tulo.

Mwadzidzidzi wailesi ya pakhoma inakhosomola. Mawu a munthu wopuma befu ananena kuti denga la shedi yaikulu ya msika wa kumtunda lagwa, ndipo anthu ambiri ali pansi pa malata.

Chopukutira chinagwa m'manja mwa Mzime.

2. Chenjezo la m'galimoto

Ambulansi inatuluka pa geti ikulira. Mzime anakhala kumbuyo moyang'anizana ndi a Musathamange, thumba la tinsalu lili pamiyendo.

"Nkhope yako yasanduka phulusa," anatero adokotalawo. "Kuli ndani kumsikako?"

"Azakhali anga. Amagulitsa nsalu m'shedi momwemo."

"Azakhali a dzina chabe, kapena azakhali enieni?"

"Ndiwo anandilera. Amayi anamwalira ndisanayambe kuyenda. Ndinakulira kumsana kwa azakhaliwo ndi pansi pa benchi yomwe amagulitsirapo."

A Musathamange anagwedeza mutu. Anadikira kuti galimoto idutse pa dzenje, kenako anayamba.

"Tamvera, mwana wanga. Ndiyankhula pano, chifukwa tikafika sindikhalanso ndi pakamwa. Ku sukulu anakuphunzitsa kuti wodwala wako ndi amene ali patsogolo pako, ndipo sumusiya mpaka utamaliza. Phunziro limenelo ndi labwino, koma n'la m'wodi, momwe muli mabedi ndi madokotala ambiri. Kumene tikupitaku wodwala wako ndi gulu lonse. Ukagwada pa munthu mmodzi n'kuyamba kumutsuka bala, kumbuyo kwako ena akutha magazi mwakachetechete. Wofuula asakuopse kwambiri, pakuti kufuulako ndi umboni wakuti mpweya ulipo. Uope amene wangoti zii. Wosankha amaima pa zinthu ziwiri zokha: kutsegula njira ya mpweya, ndi kumanga pamene magazi akuthovoka. Zina zonse ndi za amene akubwera pambuyo pako.

"Koma chimene ndikuopera iwe lero ndi china. Ndi kunamiza kansalu. Maso akaona nkhope yodziwa, dzanja limapita lokha pa kofiira. Palibe amene angakudzudzule. Anthu angakuyamike n'komwe, kuti mwana uyu saiwala abale ake. Koma galimoto ino ili ndi machira awiri okha. Ukamanga kofiira posayenera, wachotsa wina pa machira, ndipo wochotsedwayo ngakhale dzina sudzamudziwa. Nayenso ali ndi mwana wa mchimwene wake amene amamukonda. Kungoti mwanayo sanaphunzire udokotala.

"Ndiye usankhe tisanafike. Ungathe kutsala m'galimoto muno uzikonza madiripi. Si zamanyazi, ndipo sindikuchepsa nazo. Koma ukatsika ndi thumbalo, watsika ngati maso anga. Chimene wamanga, ine ndilibe nthawi yochitsutsa. Ndingonyamula."

Mzime anayang'ana thumba lija. Kunja mvula inali itayambanso kuwaza.

"Nditsika nalo," anatero.

"Wamva zonse?"

"Ndamva, adokotala."

Anamwino anamupatsira magolovesi ndi chipewa cholimba. Adalaivala, amene pakamwa pawo sipankauma nthabwala, ulendo wonsewo maso anali pamsewu basi.

3. Pansi pa malata

Shedi ija inali itagwada ngati ng'ombe yothyoka msana. Mizati ya mbali imodzi inali itazuka chifukwa nthaka inafewa, denga lonse n'kukhalira mabenchi. Tomato, sopo, nsapato ndi mbale zinali mbwee m'matope. Anthu ankalira mbali zonse.

Phazi la Mzime litangogunda pansi, thupi linafuna kuthamanga. Dzanja la adokotala linamugwira phewa.

"Musathamange! Waona mawaya awo?"

Mawaya a magetsi ankalendewera pamwamba pa madzi. Gulu lonse linaima kudikira kuti ozimitsa moto atsimikize kuti magetsi athimitsidwa. Kudikirako kunali kowawa, koma palibe anasuntha mpaka mkulu wa ozimitsa moto atakweza dzanja.

A Musathamange anatenga chokuzira mawu. "Aliyense amene angathe kuyenda apite pakhonde la sitolo iyo! Tikupezani pomwepo!"

Anthu ambiri anadzikoka kupita pakhondepo. Anamwino analowera kudzanja lamanja, Mzime kumanzere.

Woyamba anali bambo amene chitsulo chinamugwera pachifuwa. Ankapuma mothamanga, milomo itada. Kofiira. Anyamata onyamula machira anabwera nthawi yomweyo. Wachiwiri anali mtsikana wothyoka mwendo, akulira kuitana amake. Kachikasu. Wachitatu anali nkhalamba. Mzime anaikweza chibwano kuti njira ya mpweya itseguke, nayang'ana chifuwa. Sichinasunthe. Anamanga kakuda, n'kuimirira.

Ndi pamene anamva mawu amene akanawazindikira ngakhale m'tulo.

"Mzime! Mzime, mwana wa achimwene!"

Azakhali anali atakhala pansi pakati pa nsalu zawo zonyowa. Magazi anali atadzaza nkhope, ndipo mkono wamanzere unali utapindika pamalo pomwe mkono supindika.

"Mulungu wakutuma! Bwera, mwananga, ndafa ine!"

Mzime anagwada. Anatsegula tsitsi n'kuona bala. Linali lalitali koma losazama, ndipo iye ankadziwa kuti bala la pamutu limataya magazi oopsa maso. Anagwira mtsempha wa pa dzanja labwino. Unkagunda mwamphamvu.

"Munakomokako, azakhali?"

"Ndikomoke bwanji katundu wanga ali pamtunda? Akuba sawerengera ngozi."

"Khosi likupweteka? Nanga miyendo?"

"Zonsezo zilipo. Mkonowu ndiwo wathyoka ngati nzimbe."

"Mungaimirire?"

Azakhali anagwirira benchi n'kuimirira, uku akubuula.

Dzanja la Mzime linalowa m'thumba. Litatuluka, linali ndi kofiira.

"Eya, komweko," anatero azakhali, poti maso a munthu wa pamsika saphonya kanthu. "Ndaona, amene ukuwamanga kameneko ndi amene akuwanyamula. Manga msanga."

Mzime anacheuka. Chitseko cha ambulansi chinali chotsegula. Machira amodzi anali ndi bambo wa chifuwa uja. Enawo anali opanda munthu.

Anabweza kofiira m'thumba. Anatulutsa kobiriwira n'kumanga pa mkono wabwino wa azakhali ake.

"Gwirani thonje ili pamutu, mukanikize. Mupite pakhonde paja. Galimoto yanu ibwera pambuyo."

"Pambuyo pa ndani?"

"Pambuyo pa amene avulala kuposa inu, azakhali."

"Iwe! Ine amene ndinkakutafunira chakudya ulibe mano? Ine amene ndinakubereka kumsana mpaka msana kupindika? Lero ukundimanga ngati mtolo wa masamba?"

Anthu amene anaima chapatali anayamba kung'ung'udza. "Ana a sukulu ndi choncho," anatero wina. "Sukulu ikalowa, chibale chimatuluka."

Mzime anapempha mayi wina woyenda bwino kuti awaperekeze. Kenako anatembenuka n'kupitirira. Mawu a azakhali anamutsatira kumsana, ndipo sanali mawu a madalitso.

Kuseri kwa benchi yotsatira kunali mapoto atamwazika. Pansi pa lata panatulukira mapazi awiri. Palibe ankalira pamenepo. Mzime anaitana wozimitsa moto, ndipo atatukula latalo anapeza mayi wogulitsa mapoto ali chagada, maso ali tong'o, milomo itayera. Lata linali litamudula ntchafu. Magazi ankathovoka ndi kugunda kulikonse kwa mtima, n'kumasakanikirana ndi madzi a mvula.

Mzime anakanikiza balalo ndi bondo, natulutsa lamba womangira. Anamanga pamwamba pa bala, n'kupotokola, n'kupotokolanso mpaka magazi atasiya.

"Kofiira kuno!" anafuula.

Machira otsala aja anabwera. Ambulansi inanyamuka, n'kudutsa pafupi ndi khonde la sitolo. Azakhali anali ataima pomwepo, thonje lili pamutu. Mzime atawayang'ana, iwo anatembenukira kukhoma.

Iye anapitiriza ntchito mpaka munthu womaliza atamangidwa kansalu. Maambulansi ena anabwera. Anthu a tobiriwira anawatenga pa basi, ndipo Mzime sanaone pamene azakhali anakwera.

4. Pa mpope

Dzuwa linali litapendeka pamene gulu linabwerera ku garaja. Mzime anaima pa mpope akusamba m'manja. A Musathamange anabwera n'kuika manja awo pansi pa madzi omwewo.

"Unachedwa pa azakhali ako," anatero.

"Ndinatulutsa kofiira, adokotala."

"Ndinaona. Ndinaonanso ukubweza."

A Musathamange anatsukuluza zala zawo pa mpopepo.

"Ngati ntchito ino waikonda, udziwe kuti njira yake ndi yaitali," anapitiriza adokotalawo. "Umalize kaye sukulu, ndipo usanyoze phunziro lililonse. Pamsewu udzabereketsa amayi, udzagwira ana a malungo, udzamanga mafupa, ndipo sipadzakhala katswiri woti umuitane. Ukamaliza, ukagwire ntchito ku chipinda cholandirira ovulala mpaka manja azolowere. Pambuyo pake ndiye pali maphunziro apadera a zangozi. Kumeneko udzaphunzira zinthu zoti anzako adzakuseka nazo: kuimika chipatala m'tenti, malo okumba zimbudzi kuti anthu opulumuka madzi asafe ndi kutsegula m'mimba, kuyankhula ndi apolisi ndi ozimitsa moto osakangana. Udzaphunziranso kupuma, ndi kuuza mnzako kuti lero zandilemera. Amene amadziyesa chitsulo satha zaka zambiri muno.

"Ndipo usadzayembekezere kutchuka. Wodwala amakumbukira amene anamuchita opaleshoni. Amene anamutola m'matope samudziwa, poti anali chikomokere."

Mzime anatseka mpope.

"Zikomo, adokotala, chifukwa munandiuza tisanafike. Mukanapanda kutero, ndikanamanga kofiira, ndipo ndikanayesa kuti ndachita bwino."

"Inenso zikomo. Maso anga sananame lero." A Musathamange anapukuta manja pa jekete. "Tsopano pita ukawaone azakhali ako. Thumbalo usiye pano. Kumeneko upite ngati mwana."

"Akakuthamangitsa ubwere," anafuula adalaivala ali pansi pa galimoto. "Ine ndili ndi azakhali ambiri, ndikubwereka mmodzi!"

5. Ku wodi ya amayi

Azakhali anali pa bedi la pafupi ndi zenera. Mkono unali m'chikhakha, pamutu atawasoka. Anagona moyang'ana kukhoma.

Mzime anafika mwakachetechete n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Azakhali, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera mobiriwira."

Mayi wa pa bedi loyandikana anabisa kuseka m'bulangete.

"Mkono ukupweteka?"

"Ufunse amene unawanyamula. Ife oyenda pansi sitimva kupweteka."

Mzime anawakonzera bulangete kumapazi. Patapita kanthawi azakhali anatembenuka okha.

"Ukudziwa amene unandisiyira? Mayi wa mapoto! Munthu amene mapoto ake amalowerera pa benchi yanga tsiku ndi tsiku. Ndikawakankha, m'mawa abwereranso ngati ali ndi miyendo. Chaka chino sitinapatsanepo moni."

"Sindinayang'ane nkhope, azakhali."

"Ndikudziwa kuti sunayang'ane. Ndinali pakhonde paja, ndinaona zonse." Kenako anafunsa motsitsa mawu. "Ali moyo?"

"Atuluka ku opaleshoni. Mwendo ulipo. Akuti akanachedwa pang'ono sakanafika."

Azakhali anapuma mpweya wautali. Anayang'ana kudenga, maso atanyowa.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ndinakutukwana pa anthu. Mawu aja anatuluka, sindingawameze. Koma nditaima pakhonde paja ndinaona magazi a mayi uja. Lata lija linatsetsereka pakati pa benchi yanga ndi yake. Likanapendekera kuno, ndikanagona pansi paja ndine, osatha ngakhale kuitana. Ndiye ndinadzifunsa: bwanji wa tinsalu akanakhala mwana wa mayi wa mapoto, amake akumuitana ndi mkono wothyoka? Ndikanafuna mwana wotani? Ndikanafuna wouma mutu ngati iwe."

Anatambasula dzanja labwino. Mzime analigwira ndi manja onse awiri.

"Zikomo, mwananga. Sindinalere mphepo."

"Zikomo ndi inu, azakhali. Kuuma mutuko ndinayamwira kumsana kwanu."

"Usandinamizire! Kumeneko n'kwa bambo ako." Azakhali anapukuta maso ndi phewa. "Ndipo usakamuuze mayi uja kuti ndafunsa za iye. Achire kaye, tidzamalize nkhani ya mapoto. Tandikweza pilo."

Mzime anaseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Ali m'kati mokonza pilo, anamwino a m'gulu lija anasuzumira pakhomo.

"Dokotala wa mawa, a Musathamange akukufuna ku garaja. Mtsinje wasefukira kumunsi, anthu ali pamadenga. Tinyamuka kukacha, ndipo akuti malo a wophunzira alipo ngati ufuna."

Mzime asanayankhe, anamwinowo anapatuka kupereka njira. Analowa bambo ake a Mzime, mchimwene wa azakhali, jekete ili chonyowa, nsapato zili matope okhaokha. Anali atadzera kumsika, ndipo nkhope yawo inkasonyeza kuti kumeneko anthu sanawabisire kanthu.

Sanapereke moni. Anayang'ana chikhakha cha mlongo wawo, kenako mwana wawo.

"Msika wonse ukunena kuti mwana wanga analumpha azakhali ake ngati chipika. Ndinakutumiza ku sukulu kuti ukaphunzire zimenezi? Ku maambulansi kumeneko sukupondakonso."

Azakhali anadzikoka n'kukhala tsonga.

"Achimwene, kokani mpando. Nkhaniyi muimve kwa mwini mkono."

Koma bambo ake a Mzime sanakoke mpando. Anabwerera m'mbuyo n'kuima pakati pa khomo, ndipo khomo lotulukira m'wodimo linali lomwelo.